Mustang 5.0 yowonjezeredwa mphamvu ikamawira pa mpikisano: poyambira kufufuza

Vutoli limabwera mofanana pafupifupi kwa aliyense amene waseweretsapo injini imeneyi. Ford Mustang ya pakati pa 1979 ndi 1993, ija amaitcha Fox body, ndi galimoto yopepuka, yotsika mtengo poyerekeza ndi zinzake, ndipo zipangizo zake zili mbwee. N'chifukwa chake ku America anthu wamba ambiri amayambira pa iyo mipikisano ya kumapeto kwa sabata, kaya ndi ya mtunda wowongoka, kaya yozungulira bwalo monga Camaro-Mustang Challenge. Ya 1987 inkatuluka m'fakitale ndi injini ya V8 ya ma cubic inch 302 (malita pafupifupi 5), yolembedwa 5.0 m'mbali, ya mphamvu 225 hp. Koma ndani amaisiya choncho? Amaiika mahedi a aluminiyamu, camshaft yolusa, ekizozi yotakasuka, ena mpaka kukulitsa injini kufika pa 347. Mumsewu wamba imayenda bwinobwino. Ikalowa m'bwalo, ikangozungulira kangapo, muvi wa geji uli m'mwamba, madzi akulavulidwa m'kabotolo, tsiku lathera pomwepo.

Mawa lake mwini galimoto amaitanitsa rediyeta yaikulu ya aluminiyamu. Nthawi zina imathandizadi. Koma kawirikawiri galimoto imabwerera kubwalo ndi rediyeta yonyezimira n'kukawiranso pakona yomweyo, chifukwa chinkaiwiritsa sichinali rediyeta. Musatulutse ndalama musanayankhe funso ili: imatentha nthawi iti? Ikaima, ikamathamanga, kapena nthawi ina iliyonse chiyambire pamene injini inatsegulidwa? Nthawi yakeyo ndi imene imaloza pamene pali vuto, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti vutolo linabwera ndi chipangizo chimene munaika nokha pofuna liwiro.

Amene mumagwira ntchito m'magalaja a ku Johannesburg kapena Cape Town, musaone ngati nkhaniyi ndi ya kutali. Injini yomweyi ya 302 ndi imene Basil Green ankaika mu Capri Perana kuyambira 1970, ndipo ndi imene ili mu Sierra XR8 imene Ford ya ku South Africa inapanga zochepa chabe m'ma 1980. Zambiri zimene zili munozi zikugwira ntchito pa galimoto zimenezonso zikamapita ku mabwalo a mipikisano a Zwartkops, Killarney kapena Tarlton.

Yambani ndi geji

Geji ya m'fakitale ya Mustang imeneyi ilibe manambala odalirika, ili ndi mawu akuti NORMAL, ndipo ikakalamba imanama. Waya wa nthaka (earth) wa injini ukalefuka, muvi umakwera mukangoyatsa magetsi akutsogolo. Ikani geji yeniyeni ya manambala, sensa yake ikhale pa manifodi pafupi ndi thermostat, ndipo gulani kachipangizo ka infrared koyezera kutentha kongolozetsa kaja. Kenaka dziwani chimene mukuchitcha kutentha. Injini ya jekiseni imeneyi, yothira petulo ndi majekiseni m'malo mwa kabureta, inapangidwa kuti iziyendera thermostat ya madigiri a Celsius pafupifupi 90. Madigiri 95 mpaka 100 m'bwalo tsiku lotentha si matenda. Akafika 105 n'kukhazikika pamenepo, yang'anirani. Akadutsa 110 akukwerabe, chotsani phazi. Choopsa kwenikweni si nambala yokha ayi, koma muvi umene sukupeza poima.

Pali chinyengo china choyenera kuchidziwa. Madzi akatsika kwambiri, sensa imakhala m'nthunzi, ndipo geji imatha kutsika pamene hedi ikupsa. Muvi umene unali pamwamba n'kugwa mwadzidzidzi popanda chimene mwachita, si nkhani yabwino.

Ikamatentha chiimire kapena pamzere wodikira

Apa mlandu ndi wa mphepo, ndipo amene amabweretsa mphepo galimoto itaima ndi fani. Galimoto ikadutsa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola, mphepo yakutsogolo imakwanira yokha. Tsono ngati muvi umakwera mukaima n'kutsika mukangoyamba kuyenda, rediyeta ilibe mlandu.

Ngati mukadali ndi fani ya m'fakitale yoyendera lamba, zimitsani injini ili yotentha, muipukuse ndi dzanja. Iyenera kulimbalimba. Ikamangozungulira yokha kangapo, kapena mukaona mafuta atadontha pakati pake, kalachi yake yatha. Onaninso ming'alu pamene mapiko apulasitiki amalumikizana ndi chitsulo, chifukwa fani yotere ikathyoka pa 6,000 rpm imaboola rediyeta ndi boneti yomwe. Chikuta chapulasitiki chozungulira fani, chimene ambiri amachitaya ati chikuwapinga pogwira ntchito, ndi chimene chimachititsa kuti fani ikoke mphepo kudzera m'rediyeta yonse. Popanda icho fani imangovundula mpweya wotentha wa m'boneti, ngati munthu wokupiza mbaula ataimirira kutali. Mapiko azikhala theka mkati mwa chikutacho, theka kunja.

Ambiri amachotsa fani ya lambayi n'kuika yamagetsi kuti apulumutse mphamvu pang'ono, ndipo apa ndi pamene mavuto amayambira. Mafani opyapyala otchipa aja samakoka mphepo yokwanira V8. Anthu odziwa amakonda kuzula fani ya Lincoln Mark VIII kapena ya Ford Taurus pa galimoto zakufa, chifukwa imakoka kwambiri. Koma fani yotereyi imadya magetsi ochuluka, makamaka poyamba kuzungulira, pamene alternator ya m'fakitale ya 1987 mpaka 1993 ndi ya ma amp 75 okha. Muonjezerepo mapule aang'ono aja ochepetsa liwiro la lamba, amene pafupifupi aliyense amaika, mupeza kuti injini ikamalira chiimire alternator sikutchaja mokwanira, fani ikuzungulira mwaulesi, nayonso pampu ya madzi ikuyenda pang'onopang'ono. Zinthu ziwiri zimene aliyense anazitama kuti n'zokweza galimoto zagwirizana kuiwiritsa. Yezani mavoti pa waya wa fani weniweniwo, injini ili yotentha, fani ikuyenda. Akakhala pansi pa 13, ikani alternator ya ma amp 130 ya mtundu wa 3G monga ya Mustang ya 1994 ndi 1995, waya wonenepa, relay ndi fyuzi yoyenera, ndipo ganizirani zobwezeretsa pule ya m'fakitale.

Musaseke, koma yesaninso ngati fani ikuzungulira koyenera. Mawaya awiri akasinthanitsidwa, imakankhira mphepo kutsogolo. Galimoto itaima zimaoneka ngati zili bwino, koma ikayamba kuyenda fani imalimbana ndi mphepo yobwera. Ikani pepala kutsogolo kwa rediyeta. Liyenera kumamatira.

A mipikisano ya mtunda wowongoka wa mamita 402 vuto lawo limakhala lomweli. Kuthamanga kwenikweniko ndi kwa masekondi ochepa, injini sipeza mpata wowira. Imatenthera pamzere podikira. Kwa iwowa pampu ya madzi yamagetsi ndi yabwino, chifukwa imazunguliza madzi injini ili chozima. Koma amene mumazungulira bwalo mphindi 20 phazi lili pansi, samalani nayo. Mapampu ambiri amagetsi amatumiza madzi mlingo umodzimodzi, pamene pampu ya lamba imaonjezera injini ikamakwera.

Ikamatentha ikuthamanga

Ili ndi limene limasokoneza mitu, chifukwa nzeru imati liwiro likachuluka mphepo ichulukanso. Koma mphepo ndi yaulesi, imadutsa pofewa. Kuti ilowe m'rediyeta pamafunika kuti kutsogolo kukhale kopanikizika, kumbuyo kwake kukhale kopepuka. Pansi pa rediyeta ya Fox body pali kapulasitiki kakuda kolendewera, kooneka kachabechabe, kamene kamathyoka galimoto ikatsitsidwa n'kugunda mabampu, kapena pokwezedwa pa ngolo. Kapulasitiki kameneka ndi kamene kamaletsa mphepo kuthawira pansi, ndipo kamachepetsa mpweya wodzazana kuseri kwa rediyeta. Galimoto zambiri zimene zimawira pa liwiro zilibe kanthu kena kolakwika koposa kusowa kwa iko. Gwadani muyang'ane musanachite china chilichonse.

Mukatero, imani kutsogolo ndi tochi muone mipata yonse imene ili pakati pa mphuno ya galimoto ndi rediyeta: m'mbali, pamwamba, pansi. Mpata uliwonse ndi njira yothawira mphepo. Tsekani ndi siponji yolimba kapena timalata ta aluminiyamu. Ntchito ya madzulo amodzi imeneyi nthawi zambiri imatsitsa muvi kuposa rediyeta ya ndalama zambiri. Onaninso zimene mwaunjika kutsogolo kwake. Kondensa ya eyakoni imene sigwiranso ntchito ichoke. Choziziritsira oyilo ndi intercooler (choziziritsira mpweya wolowa mu injini) zimapereka mphepo yotentha kale kwa rediyeta, choncho ziikeni moganiza. Tizidutswa ta matayala ndi udzu wa m'bwalo zimatsekanso timipata. Tsukani ndi madzi osathamanga kwambiri kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo.

Pali chizolowezi chokweza boneti kumbuyo ndi mawashala kuti kutentha kuzituluka. Galimoto itaima zimathandiza pang'ono. Ikamathamanga, patsinde pa galasi lakutsogolo pamakhala mpweya wopanikizika, ndipo m'malo motuluka umalowa m'boneti n'kukatsekereza mphepo ya rediyeta. Ngati mukufuna potulukira, boolani boneti cha kutsogolo, kuseri pang'ono kwa rediyeta.

Mphepo ikakhala kuti ili bwino, tembenukirani ku madzi. Payipi yapansi ya rediyeta ndi imene pampu imakokerako. Ikafewa ndi ukalamba, kapena ikakhala yopanda sipulingi mkati, imafwaphira injini ikakwera n'kutseka njira, kenaka n'kubwerera mwakale mukachotsa phazi, moti pofika ku galaja simuona cholakwika. Wina aponde moto injini ili yotentha inu mukuyang'ana payipiyo, manja ndi malaya zili kutali ndi lamba. Chinanso ndi pampu yeniyeniyo. Ikamazungulira mopitirira muyeso, monga pa injini zimene zimakhala pamwamba pa 6,000 rpm nthawi yaitali, imayamba kupanga thovu m'malo mokankha madzi. Apa ndi pokhapo pamene mapule ochepetsa liwiro aja ali ndi phindu pa nkhani ya kutentha. Ndiye chipangizo chomwecho chimathandiza wa m'bwalo n'kupweteka wa pamzere. Muyenera kusankha malinga ndi mpikisano umene mumachita.

Kachipangizo kolozetsa kaja kamathandiza kugamula mlandu. Mukangotuluka m'bwalo yezani polowera madzi m'rediyeta ndi potulukira. Ngati injini ndi yotentha koma madzi akutuluka m'rediyeta atazizira kwambiri, ndiye kuti sakuyenda mokwanira: ganizirani pampu, payipi, thermostat kapena machubu otsekeka. Ngati akutuluka pafupifupi mmene analowera, akuyenda ndithu koma palibe chikuwaziziritsa: mphepo yachepa kapena rediyeta yachepadi. Yendetsani kachipangizoko pankhope yonse ya rediyeta. Malo ozizira pakati pa malo otentha ndi machubu odzaza dzimbiri.

Ikamatentha chichokereni pokonza injini

Ngati vuto linayamba tsiku limene mahedi kapena pampu zinasinthidwa, pali misampha itatu ya injini ya Ford imeneyi imene imagwira ngakhale amakaniko akale.

Woyamba ndi gasiketi ya hedi. Pa injinizi gasiketi imalowa mbali zonse ziwiri, mabawuti onse n'kukwana, koma ili ndi kutsogolo kwake, ndipo pamalembedwa FRONT. Mabowo aakulu a madzi ayenera kukhala kumbuyo, kuti madzi ochokera ku pampu ayende buloko yonse mpaka kumapeto, akwere m'hedi, abwerere kutsogolo. Mukaitembenuza, madzi amadulira pafupi: amakwera kutsogolo komweko n'kutuluka, masilinda akumbuyo akupsa. Chosokoneza n'chakuti gasiketi zonse ziwiri ndi zofanana, choncho kuti FRONT akhale kutsogolo mbali zonse, imodzi imaoneka ngati yagona chafufumimba, ndipo munthu wofuna kuti zioneke zofanana ndi amene amalakwitsa. Simufunika kumasula kuti mudziwe. Kakona ka gasiketi kamasuzumira kunja pansi pa hedi, ndipo kayenera kuonekera kutsogolo kwa injini mbali zonse ziwiri. Kakaonekera kumbuyo, palibe rediyeta padziko pano imene ingakupulumutseni. Hedi ichoke.

Wachiwiri ndi pampu yozungulira kolakwika. Ma 302 akale a malamba angapo ali ndi pampu yozungulira limodzi ndi injini. Ma 5.0 a 1986 mpaka 1993, a lamba mmodzi wamizeremizere, pampu yake imayendetsedwa ndi msana wa lamba, choncho imazungulira chobwerera, ndipo mapiko ake a mkati anapangidwira mbali imeneyo. Mukaphatikiza injini ya chaka china ndi mapule a chaka china, zimene zimachitika kwambiri pa ma Perana ndi galimoto zina zoikidwa injini yobwera, pampu imazungulira ndithu, madzi amaoneka akugwedezeka, koma mlingo wake ndi wochepa. Lamulo lake ndi losavuta: pule yosalala ndi ya pampu yobwerera, pule ya mizere ndi ya pampu wamba. Chivindikiro cha taimingi chimene pampu imakhalapo chilinso ndi mitundu yake, chizigwirizana ndi pampuyo.

Wachitatu ndi mpweya wotsalira mkati. Chizindikiro chake ndi muvi wokwera n'kutsika mosadziwika bwino, ndi hita yotulutsa mphepo yozizira. Kwezani galimoto kutsogolo ndi jeke, tsegulani hita, thirani madzi pang'onopang'ono, injini ilire mpaka thermostat itatseguka, mukuonjezera. Kabowo ka mamilimita 3 pamphepete mwa thermostat, koikidwa cha kumwamba, kamathandiza mpweya kutuluka. Sipulingi ya thermostat iyang'ane ku injini.

Za thermostat ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi imene imanamiziridwa kwambiri. Ntchito yake ndi kuletsa injini kuzizira mopitirira, osati kuletsa kutentha. Ya madigiri 71 ndi ya madigiri 90, zonse zikatseguka zatseguka, ndipo injini imene imafika 110 idzafikabe 110, kungoti mochedwerapo pang'ono. Kuichotseratu n'koipa kwambiri. Ena amati madzi akathamanga sapeza nthawi yozizira, koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Kupanikiza kumene thermostat imachita potulukira kumakweza mphamvu ya madzi m'mahedi n'kuletsa timathovu ta nthunzi pamalo otentha kwambiri ozungulira mavavu a ekizozi. Komanso injini yozizira kwambiri kompyuta imaithirira petulo wambiri. Ya madigiri 82 ndi yokwanira pa galimoto ya mpikisano. Iyeseni m'poto wa madzi otentha musanaiike, ngakhale ili yatsopano.

Moto ndi petulo

Mwa mphamvu yonse imene ili mu petulo, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ndi limene limafika ku matayala. Lina limatuluka ndi utsi, lina limalowa m'madzi ndi oyilo. Ndiye mukakweza injini kuchoka pa 225 kufika pa 350 hp, kutentha kofunika kutayidwa kwakweranso chimodzimodzi. Zimenezo n'zosapeweka. Chopeweka ndi kutentha kobwera chifukwa injini yatchunidwa molakwika.

Moto wochedwa ndi umene umatsogola. Pulagi ikayaka mochedwa, petulo amapitiriza kuyaka vavu ya ekizozi itatseguka kale, kutentha n'kulowa m'hedi m'malo mokankha pisitoni. Mapayipi a ekizozi amafika pofiira usiku. Pa 5.0 ya jekiseni taimingi yoyambira ndi madigiri 10 a kuzungulira kwa injini pisitoni isanafike pamwamba, yoyezedwa mutazula kapulagi kotchedwa SPOUT pafupi ndi distributor. Ambiri amaikweza kufika 12 kapena 14 petulo akakhala wabwino. Koma taonani kamsampha: mukaiwala kubwezera kapulagi kameneka, kompyuta singathenso kuonjezera moto, injini imakhala pa 10 pomwepo mpaka kumapeto, ilibe mphamvu ndipo ikutentha. Pa injini ya kabureta, moto wonse umakhala pakati pa madigiri 32 ndi 36 pofika cha m'ma 3,000 rpm, ndipo mahedi amakono a aluminiyamu amafuna wocheperapo. Ma distributor ambiri a mpikisano alibe kachitini ka vakyumu, choncho injini ikamalira chiimire kapena ikamayenda mofatsa moto umakhala wochedwa. Galimoto imene imayendanso mumsewu isachotsedwe kachitini kameneka.

Musakhulupirire msanga zizindikiro za pa damper ya kutsogolo kwa injini. Mkombero wake wakunja umagwidwa ndi labala, ndipo labala akakalamba mkombero umatsetsereka. Tochi ya taimingi imakuuzani 10 pamene zenizeni ndi 2. Tsimikizani pamene pisitoni yoyamba yafika pamwamba penipeni ndi chida choimitsira pisitoni, muone ngati chizindikiro chikugwirizana. Amene mwasintha camshaft kumbukiraninso kuti 302 wamba imayaka motsatana 1-5-4-2-6-3-7-8, pamene 5.0 HO ya Mustang imeneyi ndi injini yokulirapo ya 351W zimayaka 1-3-7-2-6-5-4-8. Chimalamula ndi camshaft, osati buloko.

Moto wofulumira kwambiri nawonso umawononga, koma mwa njira ina: injini imayamba kugogoda, ndipo kugogodako kumatentha mahedi n'kuphulitsa gasiketi. Apa manambala a petulo amapusitsa anthu. Malangizo ambiri a pa intaneti ndi a ku America, kumene nambala ya pa pampu imawerengedwa mosiyana. Akamati 93 kumeneko akunena petulo wofanana ndi 98 wa kuwerengera kwa ku South Africa ndi ku Ulaya. Petulo wa 95 wa ku South Africa ali pafupi ndi 91 wa ku America, ndipo 93 wa ku Gauteng ali pansi pa pamenepo. Mukatengera taimingi ya munthu wa ku Texas osasintha, mudzamva nokha.

Kuperewera kwa petulo pamene mphamvu ikufunika ndi chifukwa china. Phazi lili pansi, injini yopanda turbo imafuna magawo a mpweya pakati pa 12.5 ndi 13 pa gawo limodzi la petulo. Ikamapita ku 14 pamenepo, ikudzipsereza. Majekiseni a m'fakitale a 19 lb pa ola sangadyetse injini yopitirira 300 hp ngakhale atakhala chotsegula, ndipo pampu ya m'thanki ndi ya malita 88 pa ola, yokalamba kale. Ya malita 190 kapena 255 ndi imene anthu amaika. Mphamvu yopanikiza petulo ikhale 39 psi kapayipi ka vakyumu katazulidwa, ndipo isagwe injini ikakwera. Mukasintha majekiseni, mita ya mpweya kapena kompyuta itchunidwe mogwirizana nawo. Zonsezi simungaziwone ndi maso. Geji ya wideband pa ekizozi, yoyeza mlingo wa mpweya ndi petulo, ndi yotchipa kuposa pisitoni imodzi.

Chivindikiro, madzi ndi kutalika kwa malo

Kachivindikiro ka rediyeta ndi kotchipa kuposa china chilichonse chimene tatchula, koma ndi kamene kamagwira madzi kuti asawire. Ka m'fakitale ndi ka 16 psi, pafupifupi 1.1 bar, ndipo kamakweza powira pa madzi kuchoka pa madigiri 100 kufika kupitirira pang'ono 120. Labala wake akatha, madzi amawira pa kutentha kumene injini inayenera kupirira bwinobwino, amatayika, kenaka kutentha kwenikweni n'kuyamba. Munthu amaganiza kuti yataya madzi chifukwa yatentha, chonsecho yatentha chifukwa yataya madzi. Pimitsani chivindikiro ndi kapampu koyezera, kapena ingosinthani chaka chilichonse. Kapampu komweko kalumikizeni ku rediyeta injini itazizira, mupope mpaka 16 psi, mudikire mphindi 15. Muvi ukatsika, pena pake pakudontha.

Ku Johannesburg, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri pafupifupi 94. Thermostat ya 90 ikangotseguka mwatsala ndi madigiri anayi okha ngati chivindikiro chafa. Mpweya wa kumeneko ndi wopepuka, choncho umanyamula kutentha kochepa podutsa m'rediyeta, ngakhale kuti nayo injini imataya mphamvu ndithu. Ngozi yaikulu ili potsika. Kabureta yotchunidwa ku Gauteng ikapita ku Killarney, m'mphepete mwa nyanja, imapeza mpweya wochuluka pa petulo yemweyo, moto uli wofulumira monga unaikidwira kumtunda. Kulitsani majeti, bwezani moto pang'ono musanalowe m'bwalo.

Madzi okhaokha amanyamula kutentha kuposa osakaniza ndi antifreeze theka ndi theka, ndipo mabwalo ambiri amaletsa antifreeze chifukwa ikatayika imaterera kwambiri. Gwiritsani madzi a distilled, ochotsedwa miyala yonse, ogula m'botolo, osati a pampopi kapena a pachitsime amene amasiya miyala m'machubu, muthiremo mankhwala oteteza dzimbiri monga WaterWetter. Kungoti chisanu cha June ndi July ku Highveld, dera la Johannesburg, chimasandutsa madzi ayisi usiku, ndiye galimoto yogona panja ibwezereni antifreeze nyengo imeneyo. Kabotolo kolandira madzi otayika n'kofunika mwalamulo. NHRA, bungwe la mipikisano ya mtunda wowongoka ku America, imafuna kosachepera pafupifupi theka la lita.

Oyilo asaiwalike. M'bwalo lozungulira, oyilo amatentha kuposa madzi ndipo amawakokera m'mwamba. Pakati pa madigiri 100 ndi 120 zili bwino. Akamadutsa 135 ikani choziziritsira chake chokhala ndi thermostat. Ngati giyabokosi ndi ya otomatiki, oyilo wake amazizirira m'rediyeta momwemo, ndipo converter ya mpikisano imatenthetsa kwambiri. Mupatseni choziziritsira chapadera.

Mwina gasiketi inapita kale

Injini imene yawirapo kangapo imatha kukhala kuti chifukwa choyamba munachikonza, koma gasiketi inavulala. Sikuti nthawi zonse mudzaona utsi woyera kapena oyilo wa mtundu wa tiyi wamkaka. Pa 302 hedi iliyonse imagwidwa ndi mabawuti 10 okha a 7/16 inchi, choncho mphamvu ikachuluka hedi imanyamuka pang'ono phazi likakhala pansi pokha, utsi n'kulowa m'madzi n'kuwakankhira kunja. M'tauni galimoto ili bwinobwino, m'bwalo ikulavula madzi geji isanakwere n'komwe. Chimenecho ndiye chizindikiro chake. Zina ndi mapayipi olimba gwa injini itangolira kumene m'mawa, ndi pulagi imodzi yoyera mbee kusiyana ndi zinzake. Mankhwala oyezera utsi pakamwa pa rediyeta amasintha kuchoka ku buluu kupita ku chikasu, koma yezani galimoto itangothamangitsidwa kumene. Pokonza, hedi ipimidwe ngati sinapindike, muike ma stud olimba monga a ARP, ndipo mabawuti apansi amene amalowa m'njira ya madzi apakidwe zomatira. Buloko yoboolewa mopitirira 0.030 inchi makoma ake amapyapyala, ndipo ya 0.060 imatha kukhala yotentha moyo wake wonse.

Muvi ukakwera muli m'bwalo, chotsani phazi, lowani giya yapamwamba, tsegulani hita mpaka kumapeto, muzungulire mofatsa kuti mphepo ipitirize kulowa. Ngati madzi akutayika, chokani panjira ya anzanu msanga ndi kuzimitsa. Mukazimitsa muvi umakweranso kwa mphindi zingapo chifukwa pampu yaima, zimenezo zisakuopseni. Chivindikiro musachikhudze mpaka payipi yapamwamba itafewa, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha.

Zonsezi zikakhala m'malo, mwasintha chimodzichimodzi n'kumalemba zotsatira, koma madzi akutulukabe m'rediyeta ali otentha, apo ndiye gulani rediyeta. Musatengeke ndi kunenepa. Ya aluminiyamu ya mizere iwiri ya machubu otakata inchi imodzi imaposa yamkuwa ya mizere inayi, chifukwa yonenepa kwambiri imakaniza mphepo ndipo mizere yakumbuyo imalandira mphepo yotentha kale. Kutakata kwa nkhope ndi kumene kuli ndi phindu. Ikhazikeni pa malabala, isakhudzane ndi chitsulo cha galimoto, chifukwa aluminiyamu imang'aluka ndi kugwedezeka. Mukamaliza kuika, viikani nsonga imodzi ya mita ya magetsi m'madzi a rediyeta, inayo pa negetivu ya batire, injini ikulira, fani ndi magetsi zili zoyaka. Ikaonetsa kupitirira mavoti 0.3, magetsi akudutsa m'madzi ndipo adzadya machubu atsopanowo m'kati. Konzani waya wa nthaka wa pakati pa injini, bodi ndi batire, muyezenso.